Mafunso ndi Mayankho: Chigongono cha Mwana, Ziwerengero ndi Mbiri ya Baseball

Mwezi uno talandira makalata angapo kuchokera kwa awerengi athu a mu Johannesburg okhudza masewera amene kumudzi sadziwika kwenikweni, a baseball. Ana ena a Amalawi amene akukulira kuno ayamba kulowa m'makalabu a masewerawa, ndipo makolo ndi aphunzitsi akufuna kudziwa zimene akatswiri ofufuza anapeza. Tasankha makalata asanu, ndipo ena tawafupikitsa. Kwa amene sanaonerepo masewerawa, timu imodzi imaponya ndi kuwakha mpira, pamene ina imaumenya ndi ndodo n'kuthamanga mozungulira malo anayi. Matimu onse awiri akamenya kamodzikamodzi, chigawo chimenecho chimatchedwa inning, ndipo masewera a akuluakulu amakhala ndi zigawo 9.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 12 ndipo ndi woponya mpira m'timu ya kalabu ina kuno. Kusukulu amasewera cricket. Kwa milungu ingapo wakhala akudandaula kuti chigongono chikumupweteka cham'kati akamaliza masewera. Amalume ake akuti ndi kukula chabe, pamene aphunzitsi a timu akuti vuto ndi kaponyedwe ka mpira wokhota kamene waphunzira pa YouTube. Kodi ndimvere ndani? Mayi wodandaula, Cosmo City.

YANKHO: Mayi, tisanafike pa mawu a amalume ndi aphunzitsi, mwanayo asiye kuponya mpira wa mtundu uliwonse kuyambira lero, ndipo mupite naye kwa dokotala kuti akamupime. Musachedwe makamaka ngati mkonowo sukutambasuka bwinobwino poyerekeza ndi unzake, ngati watupa, kapena ngati mwanayo akudzidzimuka mukadina kafupa kotundumuka kamene kali cham'kati mwa chigongono. Ife tikhoza kukufotokozerani zimene ofufuza anapeza, koma mkono supimidwa kudzera m'kalata.

Amalume akulondola pa mfundo imodzi yokha, yakuti kukula kukulowapo. Kumapeto kwa mafupa a mwana kumakhala kachigawo kofewa kamene fupa limakulirapo, ndipo ka cham'kati mwa chigongono kamalimba mwana akafika zaka pafupifupi 15 kapena 16. Malo amenewo ali ngati mbiya youmbidwa koma yosawotcha, imene ndi maso ikuoneka yotha ntchito pamene sinakhwime moti n'kuisenzetsa madzi. Nthawi iliyonse imene mwana akuponya mwamphamvu, minofu ndi mtsempha wolumikiza mafupa zimakoka kachigawo kameneko, ndipo kukokako kukachuluka kamatupa, nthawi zina mpaka kung'ambuka n'kusiyana ndi fupa. Madokotala awiri a ku America, Brogdon ndi Crow, analemba za vutoli mu 1960 n'kulitcha Little Leaguer's elbow, kutengera dzina la ligi ya ana ya kumeneko. Umenewu si ululu woti mwana angoupirira podikira kuti akule.

Mawu a aphunzitsi ndi amene anthu a baseball akhala akukhulupirira kwa zaka zambiri, ndipo n'chifukwa chake kafukufuku wa nkhaniyi ali wofunika kumumva. Bungwe la American Sports Medicine Institute la ku Birmingham m'chigawo cha Alabama, kumene kunkagwira ntchito katswiri wa kayendedwe ka thupi Glenn Fleisig ndi dokotala wa mafupa James Andrews, linatsatira anyamata oponya mpira 481 a zaka zapakati pa 9 ndi 14 kwa zaka khumi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Mwa anyamata 100 alionse, asanu anavulala kwambiri moti anachitidwa opaleshoni kapena anasiyiratu masewerawa. Amene ankaponya zigawo zoposa 100 pa chaka anali pa chiopsezo chovulala kuwirikiza ka 3.5 poyerekeza ndi anzawo. Koma ofufuzawo atayang'ana amene anayamba kuponya mpira wokhota asanakwanitse zaka 13, sanapeze umboni womveka wakuti iwo ankavulala kwambiri kuposa ena. Ngakhale m'zipinda zoyezera, kumene amamata zizindikiro pa thupi la mwana n'kumujambula ndi makamera othamanga, zinaoneka kuti mpira wokhota sukoka chigongono kuposa mpira wolunjika woponyedwa ndi mphamvu zonse.

Kafukufuku wina wa bungwe lomweli, wa mu 2006, anayerekeza achinyamata amene anachitidwa opaleshoni ya phewa kapena chigongono ndi anzawo amene sanavulalepo. Kuponya m'mipikisano kwa miyezi yoposa 8 pa chaka kunkachulukitsa chiopsezo kasanu, ndipo amene ankapitiriza kuponya kawirikawiri mkono utatopa anali pa chiopsezo chowirikiza ka 36. Nambala yomalizayi musaitenge ngati yotsimikizika ndendende, chifukwa achinyamata amene anafunsidwa anali ochepa ndipo ankadalira zimene akukumbukira, koma kumene ikuloza n'komweko kumene kafukufuku wina yense akuloza. Chimene chimawononga mkono wa mwana ndi kuchuluka kwa kuponya ndi kusowa kwa nthawi yopuma. Madokotala amalangizabe kuti mwana ayambe wadziwa kuponya mpira wolunjika asanaphunzire wokhota, choncho aphunzitsi sanalakwe kumuletsa. Kungoti akamuletsa wokhotawo n'kumuponyetsabe Loweruka lililonse mpaka masewera kutha, vutolo silichoka.

Zotsatira zimenezi zinasanduka malamulo. Ligi ya Little League inayamba kuwerenga mipira imene mwana aliyense waponya mu 2007, ndipo mu 2014 ligi yaikulu ya Major League Baseball pamodzi ndi USA Baseball inatulutsa malangizo otchedwa Pitch Smart. Malangizowa akuti mwana wa zaka 11 kapena 12 asaponye mipira yoposa 85 pa tsiku. Akaponya 66 kapena kuposerapo apume masiku anayi, akaponya 51 mpaka 65 apume atatu, 36 mpaka 50 awiri, ndipo 21 mpaka 35 tsiku limodzi. Pa chaka azikhala ndi miyezi inayi yosaponya, iwiri kapena itatu mwa imeneyo ikhale yotsatizana, ndipo asakhale woponya komanso wowakha kumbuyo kwa womenya pa tsiku limodzi, popeza wowakhayo amabweza mpira uliwonse ndi mkono womwewo.

Apa m'pamene ntchito yanu ili, Mayi. Dokotala akadzamulola kubwerera, mudzatenge kope ndi cholembera, mukhale pambali pa bwalo, ndipo muzilemba kamzere pa mpira uliwonse umene waponyera womenya, kaya wamenyedwa kaya ayi. Simufunika kudziwa malamulo a masewerawa kuti muchite zimenezi. Muziyang'ananso zizindikiro za kutopa: mpira ukayamba kupita pamwamba kapena m'mbali, chigongono chikayamba kutsika poponya, kapena mwanayo akamagwedeza mkono ndi kuchedwa pakati pa mpira wina ndi wina. Za cricket muzilembenso m'kope lomwelo. Woponya wa cricket amaponya mkono uli wowongoka ndipo chimene chimavutika kwambiri ndi msana, koma mipira yonse imene amabweza kuchokera kutali m'bwalo amaiponya mofanana ndi ya baseball. Aphunzitsi a kusukulu sadziwa zimene mwanayo wachita kukalabu, a kukalabu sadziwa za kusukulu, ndipo mwana waluso ndi amene aliyense amafuna kumugwiritsa ntchito. Munthu yekhayo amene amaona sabata yonse ya mkono umenewo ndi inu.

FUNSO: Akonzi, ndili ndi zaka 17. Anzanga akunena kuti amene wachitidwa opaleshoni ya Tommy John amaponya mwamphamvu kuposa kale, moti ena ku America amachitidwa asanavulale n'komwe. Kodi ndi zoona? Woponya wachinyamata, Turffontein.

YANKHO: Achimwene, si zoona, ngakhale kuti anzanuwo sali okha. Kafukufuku wa mu 2012 ku America anapeza kuti pafupifupi theka la osewera a kusekondale amene anafunsidwa, pamodzi ndi makolo ndi aphunzitsi ambiri ndithu, ankakhulupirira kuti opaleshoniyi ndi yoyenera ngakhale kwa munthu wosavulala.

Opaleshoniyi inayamba mu 1974, pamene Dr Frank Jobe anathandiza Tommy John, woponya wa timu ya Los Angeles Dodgers, amene mtsempha wa cham'kati mwa chigongono chake chakumanzere unaduka. Dokotalayo anachotsa mtsempha wina pa mkono wakumanja, anaboola timabowo m'mafupa awiri a pachigongono, n'kuupisa mtsemphawo m'timabowomo kuti ugwire ntchito ya wodukawo. Iye mwini anauza wodwalayo kuti mwayi wobwerera m'bwalo unali umodzi pa 100. Tommy John anabwerera mu 1976, anasewera mpaka 1989, ndipo mwa masewera 288 amene anapambana pa moyo wake, 164 anali a pambuyo pa opaleshoni. Masiku ano akatswiri pafupifupi 8 mwa 10 alionse amabwerera, koma pambuyo pa miyezi 12 mpaka 18 yolimbitsa mkono pang'onopang'ono, ndipo kwa ena mtsemphawo umadukanso kachiwiri.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti amayerekeza liwiro la pambuyo pa opaleshoni ndi la miyezi yomaliza isanachitike, pamene mtsemphawo unali utayamba kale kutha ndipo liwiro linali litatsika. Munthu akachira n'kubwerera pa liwiro lake lakale, woonera amaganiza kuti wawonjezera. Kwa mnyamata pali chinanso: chaka chonse chimene wakhala akulimbitsa miyendo, msana ndi phewa, kwinaku thupi likukula, chikanamuwonjezera mphamvu ngakhale popanda mpeni. Chodetsa nkhawa n'chakuti kafukufuku wa zolemba za inshuwalansi ku America kuyambira 2007 mpaka 2011 anapeza kuti oposa theka la amene anachitidwa opaleshoniyi anali a zaka 15 mpaka 19, amsinkhu wanu womwewu.

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa masamu ku sekondale ina. Mabuku ambiri a ziwerengero ochokera kunja adzaza ndi zitsanzo za baseball, masewera amene ophunzira anga sawadziwa. N'chifukwa chiyani akatswiri a masamu amawakonda chonchi, ndipo kodi pali chimene ndingatengepo? Mphunzitsi, Rosettenville.

YANKHO: Aphunzitsi, amawakonda chifukwa cha mmene masewerawa anapangidwira. Mu mpira wamiyendo anthu 22 amayenda nthawi imodzi ndipo chigoli chimabwera mwa apo ndi apo, pamene mu baseball chilichonse chimachitika pachokha: woponya mmodzi, womenya mmodzi, chotsatira chimodzi, kenako onse amaima n'kuyambanso. Zoterezi n'zosavuta kulemba, ndipo zakhala zikulembedwa kuyambira kale. Henry Chadwick, mtolankhani wobadwira ku England amene poyamba ankalemba za cricket, anakonza kalembedwe ka zotsatira za masewera m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, ndipo maziko ake akugwirabe ntchito. Lero matimu 30 a ligi yaikulu amasewera masewera 162 iliyonse, kutanthauza masewera 2,430 pa chaka, ndipo kuyambira 2015 makina a Statcast amayeza liwiro, kazunguliridwe ndi njira ya mpira uliwonse m'mabwalo onse.

Pali zitsanzo ziwiri zimene mungalembe pa bolodi mawa lomwe. Muyeso wodziwika kwambiri wa womenya ndi wa magawo: kuchuluka kwa maulendo amene wamenya bwino kugawa ndi maulendo amene wayesa. Mu 1995 Derek Jeter anamenya bwino ka 12 pa maulendo 48, zimene zikupereka .250, pamene David Justice anamenya ka 104 pa 411, kapena kuti .253. Mu 1996 Jeter anapeza 183 pa 582, kapena .314, ndipo Justice 45 pa 140, kapena .321. Funsani ophunzira kuti wopambana ndani pa zaka ziwirizi, ndipo onse adzayankha kuti ndi Justice, popeza wapambana chaka chilichonse. Kenako auzeni aphatikize. Jeter akupeza 195 pa 630, kapena .310, pamene Justice akupeza 149 pa 551, kapena .270. Palibe chimene chalakwika pa masamuwo. Maulendo ambiri a Jeter anali m'chaka chake chabwino, ndipo ambiri a Justice anali m'chaka chake chovuta. Akatswiri amachitcha chodabwitsa cha Simpson, ndipo chimapezekanso poyerekeza zipatala ziwiri kapena sukulu ziwiri: chipatala chimene chimalandira odwala kwambiri chikhoza kuoneka choipa pa chiwerengero chonse pamene chikuchita bwino pa gulu lililonse la odwala.

Chitsanzo chachiwiri n'chozamirapo. Bradley Efron ndi Carl Morris anatenga omenya 18 a m'chaka cha 1970 n'kuona zotsatira za maulendo awo oyamba 45. Roberto Clemente anali pamwamba ndi 18 pa 45, kapena .400, pamene pakatikati pa gulu lonse panali .265. Funso linali lakuti tingalosere bwanji mmene aliyense achitire m'chigawo chotsala cha chakacho. Nzeru wamba ikuti tingotenga nambala ya munthu aliyense payekha, koma iwo anagwiritsa ntchito njira ya akatswiri a ziwerengero James ndi Stein, imene imakokera nambala ya aliyense chapakati pa gulu, ndipo njirayi inalosera moyandikira kwa osewera 16 mwa 18. Clemente mwini anapeza .346 m'masewera otsalawo, kusonyeza kuti analidi katswiri, koma osati wa .400. Maulendo 45 ndi ochepa, ndipo amene ali pamwamba kwambiri pa maulendo ochepa amakhala kuti luso lake lathandizidwa ndi mwayi. Mphunzitsi aliyense amene anaonapo wophunzira akukhoza modabwitsa pa mayeso amodzi n'kubwerera pa malo ake pa otsatira wakumanapo ndi zimenezi.

Kunja kwa mayunivesite kunalinso ofufuza odzipereka. Bungwe la Society for American Baseball Research linakhazikitsidwa mu 1971, ndipo Bill James, amene ankagwira ntchito ya ulonda wausiku pa fakitale ina ku Kansas, anayamba kufalitsa zofufuza zake mu 1977. Iye ndi anzake anasonyeza kuti muyeso wa magawo uja umasiya kanthu kofunika, chifukwa womenya wodekha amene amakana mipira yoipa mpaka kupatsidwa malo oyamba kwaulere amathandiza timu ngakhale sanamenye. Timu ya Oakland Athletics, imene inali ndi ndalama zochepa, inagula osewera oterowo motchipa ndipo mu 2002 inapambana masewera 103. Akatswiri a zachuma Jahn Hakes ndi Raymond Sauer anafufuza malipiro a osewera, ndipo mu 2006 anatsimikiza kuti luso limeneli linalidi lotchipa mopitirira muyeso, komanso kuti mtengo wake unakwera msanga matimu ena atazindikira.

Maganizo athu ndi akuti musataye nthawi ya kalasi pophunzitsa malamulo a baseball. Tengani njira, musiye masewera. Mpira wa ntchemberembaye uli ndi kapangidwe komweko pa ogoletsa, popeza aliyense amakhala ndi maulendo amene wayesa ndi amene wagoletsa, ndipo ana a Amalawi amadziwa dzina la Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse wa mu 2015 ku Sydney. Ophunzira anu akhoza kulemba okha zotsatira za ogoletsa a timu ya sukulu kwa teremu imodzi, kulosera theka lachiwiri pogwiritsa ntchito loyamba, ndi kuona ngati zimene Efron ndi Morris anapeza zikuchitikanso pa bwalo lawo.

FUNSO: Akonzi, tinatsutsana kometera tsitsi. Mnzanga akuti baseball anaiyambitsa msilikali wina wa ku America, ine ndikuti ndi cricket imene Amereka anaisintha. Komanso, kodi masewerawa anafika liti kuno ku Joni? Bambo wachikulire, Mayfair.

YANKHO: Bambo, nonse awiri mwaphonya, koma inu mwayandikirako. Nkhani ya msilikali ili ndi mbiri yakeyake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Henry Chadwick uja ankanena kuti baseball inachokera ku masewera a ana a ku England otchedwa rounders, ndipo Albert Spalding, amene anali wosewera wakale komanso wamalonda wa zipangizo zamasewera, sankafuna kumva zimenezo. Mu 1905 Spalding anakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Abraham Mills, ndipo komitiyo, podalira makalata a mkulu mmodzi wotchedwa Abner Graves amene ankakumbukira za ubwana wake, inagamula kuti Abner Doubleday anayambitsa masewerawa ku Cooperstown mu 1839. Ofufuza mbiri atayang'ana zolemba anapeza kuti m'chaka chimenecho Doubleday anali pa sukulu ya usilikali ya West Point, kuti Graves anali mwana wa zaka zisanu, ndiponso kuti m'zolemba zambiri zimene Doubleday anasiya sananenemo kuti anayambitsa masewera alionse. Komabe nyumba yosungira mbiri ya baseball inatsegulidwa ku Cooperstown komweko mu 1939, ndipo ilipo mpaka lero.

Umboni weniweni ndi wakale kuposa pamenepo. Dzina la masewerawa likupezeka m'kabuku ka ana kosindikizidwa ku London mu 1744, ndipo mu 2004 wofufuza mbiri John Thorn anatulukira lamulo la mu 1791 la tauni ya Pittsfield ku Massachusetts, loletsa kusewera baseball ndi masewera ena a mpira pafupi ndi nyumba yatsopano ya misonkhano pofuna kuteteza mawindo. Baseball, rounders ndi cricket ndi apachibale ochokera ku masewera akale a ndodo ndi mpira a ku England, ndipo palibe munthu mmodzi amene anayambitsa. Chimene Amereka anachita ndi kukonza malamulo, makamaka m'makalabu a ku New York monga la Knickerbocker, limene linalemba ake mu 1845.

Ntchito ya ofufuza mbiri imene ife timaiona kuti ndi yolemera kwambiri ndi ya osewera achikuda. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka pa 15 April 1947, pamene Jackie Robinson anasewerera Brooklyn Dodgers, anthu akuda sankaloledwa m'ligi yaikulu, ndipo anali ndi maligi awoawo, kuyambira ndi imene Rube Foster anakhazikitsa mu 1920. Zotsatira za masewera awo sizinasungidwe mwadongosolo ngati za azungu. Kwa zaka zambiri ofufuza anakhala akuwerenga nyuzipepala zakale, makamaka za anthu akuda, tsamba ndi tsamba, kutolera zotsatira za masewera amodziamodzi n'kuziphatikiza. Mu December 2020 Major League Baseball inavomereza kuti maligi asanu ndi awiri a anthu akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 anali maligi aakulu, ndipo mu May 2024 ziwerengero zawo zinalowetsedwa m'kaundula. Pamenepo Josh Gibson, womenya wa m'maligi a akudawo, ndi muyeso wa magawo wa .372, anadutsa Ty Cobb, amene .367 yake inkatengedwa ngati yapamwamba koposa kwa zaka pafupifupi 100. Ena amatsutsa ponena kuti maligi a akuda ankasewera masewera ochepa pa chaka, ndipo potengera zimene tauza aphunzitsi pamwambapa za maulendo ochepa, mfundoyo ndi yomveka. Koma Cobb nayenso sanakumanepo ndi oponya achikuda m'ligi yake, choncho nambala zonse ziwiri ndi za mpikisano wosakwanira.

Kuno masewerawa anabwera ndi golide. Amereka amene anadzagwira ntchito m'migodi ya Witwatersrand m'zaka za m'ma 1890 ndi amene anayamba kusewera, m'migodi yomweyo imene pambuyo pake agogo athu ambiri anadzagwiramo ntchito kudzera ku Wenela. Timu ya dziko la South Africa inasewera pa Olympics ya ku Sydney mu 2000, komanso pa World Baseball Classic mu 2006 ndi 2009. Gift Ngoepe, amene anakulira m'kachipinda ka nyumba ya kalabu ya Randburg Mets kumene mayi ake ankagwira ntchito, anasainidwa ndi Pittsburgh Pirates mu 2008, anakhala zaka zambiri m'maligi aang'ono, ndipo pa 26 April 2017 anakhala wosewera woyamba wobadwira ndi kukulira mu Africa kufika m'ligi yaikulu. Paulendo wake woyamba womenya anamenya bwino. Tayler Scott, woponya wobadwira mu Johannesburg, anatsatira mu 2019 ndi timu ya Seattle Mariners.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga akuti mpira umapita kutali kuno kusiyana ndi ku Cape Town kapena ku Durban. Kodi si kudzitama chabe? Bambo wokayikira, Yeoville.

YANKHO: Bambo, mwanayo akunena zoona. Johannesburg ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene nyanja yamchere imalekezera, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi wa kugombe. Mpweya wopepuka sukankha mpira kwambiri, choncho mpira womenyedwa bwino umapita patali. Okonda cricket amakumbukira masewera a pa Wanderers a mu March 2006, pamene Australia inapeza 434 ndipo South Africa inayankha ndi 438. Luso linalipo, bwalo linali labwino kwa omenya, koma mpweya nawo unathandiza.

Mu baseball nkhaniyi yafufuzidwa kwambiri chifukwa cha bwalo la Coors Field ku Denver, limene lili pa mamita pafupifupi 1,600, kutsikirapo pang'ono poyerekeza ndi kuno. Akatswiri a sayansi amawerengera kuti kumeneko mpira umapita patali ndi magawo asanu pa 100 kapena kuposerapo, ndipo mu 1999 mipira 303 inamenyedwa kutuluka m'bwalolo m'chaka chimodzi. Woponya amavutika pawiri, chifukwa mpira wokhota umadalira mpweya womwewo. Mu 1959 Lyman Briggs anayeza mipira yozungulira m'chipinda chopemerera mphepo ndipo anatsimikiza kuti kukhotako n'kwenikweni, osati chinyengo cha maso monga ena ankanenera; mpweya ukachepa, kukhotako kumachepanso. Kunapezekanso kuti mpweya wouma wa ku Denver unkaumitsa mipira, kuichititsa kupepuka ndi kudumpha kwambiri, ndipo mu 2002 anayamba kuisunga m'chipinda cha chinyezi choyezedwa, zimene zinachepetsa ndithu mipira yotuluka kunja. Kuyambira 2022 mabwalo onse 30 a ligi yaikulu amasunga mipira motero.

Choncho mukamayerekeza nambala za mwana wanu ndi za mnzake wa ku Cape Town, muzikumbukira kumene aliyense akusewerera. Ngati ndi womenya, zake zikhoza kutsikirako akapita kugombe, ndipo ngati ndi woponya, akapeza kuti mpira wake ukukhota kwambiri kumeneko kuposa mmene anazolowera kuno, moti adzafunika kuuyesa kangapo pa bwalolo masewera asanayambe.